Stress ya chani?

Pa kampasi iliyonse m'dziko muno pali liwu limodzi la Chingerezi limene limagwira ganyu kuposa ena onse, ndipo liwulo ndi stress. Amene mayeso amuthina ali ndi stress. Amene chibwenzi chamuthera pa WhatsApp ali ndi stress. Amene dzina lake silinatuluke pa mndandanda wa olandira ngongole ya fizi, amene landilodi wamukhomera loko wina pachitseko, amene bambo ake agonekedwa m'chipatala kumudzi, onsewa ukawafunsa kuti zikuyenda bwanji yankho lake ndi lomwelo. Ngakhale amene foni yamuthera moto mpira wa Arsenal uli mkati nayenso akuti yamupatsa stress. Tinalilandira kale liwuli ngati mlendo wokhalitsa. Timalitchula mwakwathu kuti sitiresi, timalichulukitsa kuti ma stress, ndipo timatha kuuza mnzathu kuti usandipatse stress ngati kuti ndi chinthu chopatsirana pamanja.

Liwu limene lingamange matenda a kholo ndi batire ya foni pamtolo umodzi liyenera kufunsidwa mafunso. Ine ndikuona kuti liwuli n'labwino poyambira nkhani, koma ambirife tikuligwiritsa ntchito potsekera nkhani. Munthu akati ali ndi stress timagwedeza mutu, n'kunena kuti zidzatha, basi tapita. Sitimva chimene chamupanikiza, ndipo iyenso nthawi zina sachitchula ngakhale mumtima mwake. Mbiri ya liwuli mu Chingerezi momwemo ikusonyeza mmene tinafikira pamenepa.

Stress ndi liwu lakale, la m'zaka za m'ma 1300. Mbali ina ndi chidule cha liwu loti distress, lomwe Angerezi anatenga ku Chifalansa chakale, ndipo muzu wake weniweni ndi wa Chilatini, stringere, kutanthauza kumanga zolimba kapena kufinya. Mawu monga strict ndi strait akuchokera pa muzu womwewo. Pa nthawi imeneyo stress inali mavuto ogwera munthu kuchokera kunja: umphawi, nkhondo, ndende, mphepo yamkuntho yokakamiza ngalawa kukocheza pomwe sinafune. Chithunzi chake ndi cha munthu amene malo amuchepera. Chichewa chinaona chithunzi chomwechi popanda kubwereka kwa wina aliyense. Timati zinthu zathina. Timati ndili pampanipani. Tikanena choncho aliyense amamva kuti pali chinachake kunja kwa munthuyo chimene chikumufinya, ndipo funso limabwera lokha: chakuthina n'chiyani?

Kenako liwuli linalowa m'manja mwa mainjiniya, ndipo kwa ine iwowa ndi amene analisamala bwino kuposa tonsefe. Funsani mnzanu wa ku MUBAS kapena ku MUST. Kwa iye stress ndi nambala. Ndi mphamvu imene ikukanikiza kapena kukoka chinthu, itagawidwa ndi kukula kwa malo amene mphamvuyo yagwerapo, ndipo amaiyeza m'ma pascal. Masamu ake anawakhazikitsa Mfalansa wina, Augustin-Louis Cauchy, m'zaka za m'ma 1820. Koma mayi aliyense wochokera kumjigo amawadziwa masamu amenewa ndi khosi lake. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, kaya waika nkhata kaya sunaike. Chimene nkhata imachita ndi kumwaza kulemerako pa malo okulirapo kuti kusagwere pa kadontho kamodzi ka paliwombo. Katundu ndi yemweyo, stress yachepa. Akuluakulu aja ponena kuti mutu umodzi susenza denga ankanena zimene injiniya angalembe pabolodi osasintha kanthu.

Mainjiniya ali ndi liwu lachiwiri, strain, ndipo salisokoneza ndi loyambalo. Strain ndi mmene chinthucho chasinthira chifukwa cha katunduyo: chatamuka bwanji, chapindika bwanji. Robert Hooke anasindikiza mu 1678 lamulo lakuti sipuling'i imatamuka molingana ndi mphamvu imene ikuikoka. Izi zimachitika mpaka pa malire ena. Mkati mwa malirewo, ukaisiya imabwerera mwakale. Ukapyola malirewo imapindikiratu, ndipo ukapitiriza imaduka. Choncho injiniya akaona mlatho ukuwerama amakhala ndi mafunso atatu osiyana: katundu ndi wolemera bwanji, wagwera pa malo aakulu bwanji, ndipo chitsulo chake chingapirire mpaka pati. Palibe injiniya amene amauza mlatho kuti ulimbe mtima.

Pali nkhani ina ya mainjiniya yomwe ndimaikonda chifukwa imafanana kwambiri ndi moyo wa ophunzira. Ndege yoyamba ya jeti yonyamula anthu, de Havilland Comet ya ku Britain, inayamba maulendo ake mu May 1952 kuchoka ku London kupita ku Johannesburg, ndipo panjira inkatera ku Entebbe ndi ku Livingstone. Mu January 1954 ndege ina ya mtunduwu inasweka m'mlengalenga pafupi ndi chilumba cha Elba, ndipo mu April chaka chomwecho inanso inasweka pafupi ndi Naples. Ofufuza ku Farnborough anamiza thupi la ndege ina m'thanki yamadzi n'kumalipopa ndi kuliphwetsa mobwerezabwereza, kutsanzira zimene zimachitika ndege ikamakwera ndi kutsika. Litakwanitsa maulendo opitirira pang'ono 3,000, kuphatikizapo amene linaulukadi, linang'ambika kuyambira pangodya ya zenera. Panalibe ulendo umodzi umene unali wolemera moti n'kuswa ndegeyo. Chinaiswa ndi katundu wamba wobwera tsiku ndi tsiku, amene ankaunjikana pangodya. Mainjiniya amati imeneyi ndi fatigue, kutopa kwa chitsulo. Ganizirani wophunzira amene semesita iliyonse amayamba osadziwa ngati alembe mayeso chifukwa cha balansi ya fizi, n'kupulumuka pa tsiku lomaliza, semesita yotsatira chimodzimodzi, kwa zaka zinayi. Akadzagwa chaka chomaliza anthu amadabwa kuti nanga zaka zonsezi ankatha bwanji.

Amene anachotsa liwuli pa zitsulo n'kulifalitsa pa matupi a anthu ndi dokotala wofufuza dzina lake Hans Selye. Anabadwira ku Vienna mu 1907, anaphunzira ku Prague, n'kukagwira ntchito pa yunivesite ya McGill ku Montreal, m'dziko la Canada. Iye ankafunafuna homoni yatsopano, ndipo ankabaya makoswe timadzi tochokera m'ziwalo za nyama. Makoswewo ankatupa tiziwalo ta pamwamba pa impso totchedwa adrenal, kachiwalo ka m'chifuwa kothandiza chitetezo cha thupi kankafota, ndipo ankatuluka zilonda zam'mimba. Anasangalala poganiza kuti wapeza homoni ija. Koma atabaya makoswe ena mankhwala wamba owononga thupi, kapena kuwaika pozizira kwambiri, kapena kuwathamangitsa mpaka kulefuka, zotsatira zinali zomwezo. Mu 1936 analemba kalata yaifupi m'magazini ya sayansi ya Nature kufotokoza kuti thupi limayankha mofanana ku zovuta zosiyanasiyana: poyamba limadzidzimuka, kenako limalimbana nazo, ndipo zikapitirira limatheratu mphamvu. Chosangalatsa n'chakuti m'kalata imeneyo liwu loti stress mulibe. Anadzalikakamira pambuyo pake, makamaka m'buku lake la mu 1956, The Stress of Life.

Apa ndi pamene panasokonekera. Zimene Selye ankafotokoza zinali yankho la thupi, mmene khoswe wasinthira chifukwa cha zomwe zamugwera. Kwa injiniya imeneyo ndi strain. Selye anaitcha stress. Amene ankagwira naye ntchito amati iye mwini anadzavomereza kuti Chingerezi chake pa nthawiyo chinali chisanafike posiyanitsa mawu awiriwa. Liwu litafala kale, anachita kupeka lina, stressor, kuti likhale dzina la chinthu chopanikizacho. Zinenero zina zinangolitenga mmene linalili: Afalansa amati le stress, Ajeremani der Stress, ife sitiresi. Tonse tinalandira liwu limene linasamuka. Kale linkaloza katundu, lero limaloza wosenzayo. Stressor, liwu lomwe likanatikumbutsa za katunduyo, linatsalira m'mabuku a saikoloje. Kodi munamvapo munthu mu hositelo akunena kuti ali ndi stressor?

Sindikunena kuti zimene Selye anapeza n'zabodza. Thupi limachitadi zimenezo. Walter Cannon wa ku Harvard anali atafotokoza kale mu 1915 mmene nyama yoopsezedwa imakonzekera kumenyana kapena kuthawa. Adrenaline imathamangitsa mtima, shuga amachuluka m'magazi, kugaya chakudya kumayamba kwaima, ndipo homoni ina, cortisol, imatsatira kuti thupi likhalebe tcheru. Ukakumana ndi galu wachiwewe panjira zimenezi zimakupulumutsa. Vuto limabwera pamene galuyo ndi ngongole ya katapila imene sichoka pakhomo kwa miyezi isanu ndi umodzi. Tulo timasowa, mutu umapweteka, m'mimba mumawotcha, kuwerenga sikulowa. Zonsezi n'zenizeni ndipo si ufiti kapena ulesi. Koma liwu likangoloza za m'thupi zokhazi, mankhwala akenso amangoloza m'thupi momwemo: puma mokoka mpweya, thamanga m'mawa, imwa madzi ambiri. Galu uja adakali pakhomo.

Pali anthu amene anazindikira msanga phindu la liwu lotere. Zikalata za makampani a fodya a ku America zitaululidwa kudzera m'milandu ya kukhoti, zinaoneka kuti makampaniwo ankapereka ndalama zothandizira kafukufuku wa Selye. Ofufuza awiri, Mark Petticrew ndi Kelley Lee, analemba za nkhaniyi mu 2011. Makampaniwo ankafuna kuti anthu akamadwala mtima, chala chiloze stress m'malo moloza ndudu, ndiponso kuti kusuta kuzioneka ngati njira yochepetsera stress yomweyo. Selye anafika popereka umboni ku komiti ya nyumba ya malamulo ya ku Canada mu 1969 wotsutsana ndi malamulo oletsa kutsatsa fodya. Ife a dziko lodalira fodya nkhaniyi isatidutse. Liwu losatchula gwero la vuto limakomera mwini gwerolo, ndipo izi zinachitika kwa liwuli lidakali laling'ono.

Ena anayesa kubwezera maso pa katundu. Mu 1967 madokotala awiri a ku America, Thomas Holmes ndi Richard Rahe, anapanga mndandanda wa zochitika 43 za m'moyo n'kupatsa chilichonse mapointi. Imfa ya mkazi kapena mwamuna wako ndi 100. Kutha kwa banja ndi 73. Kumangidwa ndi 63. Kukwatira ndi 50, kuposa kuchotsedwa ntchito komwe ndi 47 (amene mukukonzekera chinkhoswe mwamva). Khirisimasi ndi 12. Ukaphatikiza mapointi a chaka chimodzi n'kupyola 300, akuti mwayi wodwala ndi waukulu. Mndandandawu uli ndi nzeru yake, chifukwa umavomereza kuti akatundu amasiyana kulemera ndipo amaunjikana. Koma ukauwerenga uli ku Chikanda kapena ku Luwinga umaona msanga kuti unalembedwera anthu ena. Muli ngongole yogulira nyumba, muli kupita kutchuthi. Mulibe kugona ndi njala. Mulibe kukhala mwana woyamba m'mudzi monse kufika ku yunivesite, pomwe abale akuwerengera kale malipiro a ntchito imene sunaipeze. Mulibe kumaliza digiri n'kukhala zaka zitatu ukuyenda ndi envelopu ya khaki. Komanso mndandandawu umawerenga zinthu zochitika kamodzi, pamene zambiri zotipweteka ife ndi za mtundu wa Comet uja.

Ife a maphunziro a zinenero tili ndi stress yathuyathu, ndipo ndiloleni ndiitchule chifukwa imandiseketsa. M'kalasi ya fonoloje, stress ndi kutsindika silabulo imodzi kuposa zinzake. Mngerezi akatsindika koyambirira kwa liwu loti record akunena chimbale kapena kaundula, akatsindika kumapeto akunena kujambula. Chimodzimodzi present, mphatso kapena kupereka. Chichewa sichiyenda choncho. Ife timasiyanitsa mawu ndi kukweza kapena kutsitsa liwu, n'chifukwa chake mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo zimalembedwa mofanana koma khutu limazisiyanitsa. Ndiponso Mngerezi akati akufuna ku-stress mfundo, ndiye kuti akufuna kuinenetsa, kuikweza pamwamba pa zinzake kuti isaphonyedwe. Ndiye taonani. Liwu limene m'kalasi limatanthauza kusiyanitsa chachikulu ndi chaching'ono, kunja kwa kalasi likugwira ntchito yosalaza zonse kuti zifanane.

Tsono tayerekezani kuti liwuli laletsedwa kwa sabata imodzi, ndipo aliyense akuyenera kunena za mumtima mwake m'Chichewa. Wina anena kuti ali ndi nkhawa, ndipo nkhawa imayang'ana kutsogolo, ku chinthu chimene sichinachitike. Wina ali ndi chisoni, chomwe chimayang'ana kumbuyo. Wina ali ndi mantha, ndipo mantha amakhala ndi mwini wake, munthu kapena chinthu chimene ukuchiopa. Wina watopa. Wina wakhumudwa, ndipo pali amene wamukhumudwitsa. Wina wapanikizika ndi ntchito, wina wathedwa nzeru, wina wasweka mtima, wina akuchita manyazi, wina wangosowa ndalama basi. Wina akuganiza kwambiri, usiku wonse maso ali gwa. Mawu onsewa si ofanana, ndipo chithandizo chake si chimodzi. Wotopa akufunika kugona. Wachisoni akufunika anthu okhala naye pansi ngati pamaliro. Wamantha mwina akufunika chitetezo, chifukwa amene akumuopayo angakhale mphunzitsi amene akumuuza kuti abwere ku ofesi madzulo ngati akufuna kukhoza. Mtsikana ameneyu akanena kuti kosi ija ikumupatsa stress, ndipo anzake n'kumuuza kuti aziwerenga molimbika, liwu lija lagwira ntchito yobisa mlandu.

Anthu amakonda kunena kuti zinenero zathu zilibe mawu okambira za umoyo wa m'maganizo. Pa matenda ena zimenezi n'zoona, ndipo akatswiri amavutikadi kumasulira mayina a m'mabuku awo. Koma pa nkhani iyi Chichewa chili ndi mawu ambiri ndithu, ndipo ife ophunzira ndi amene tikuwasiya n'kusankha limodzi lobwereka. Bwanji?

Yankho lake si kunyada ndi Chingerezi kokha, ndipo apa ndiyenera kulichitira chilungamo liwuli. Mawu a Chichewa aja ndi olemera. Mnyamata amene anakula akuuzidwa kuti mwamuna salira sangaime pagulu la anzake pa chiwaya n'kunena kuti ndili ndi mantha, kapena ndasweka mtima. Amuseka, kapena choipa kwambiri, akhala chete osadziwa chonena. Koma akhoza kunena kuti man, stress, ndipo palibe amene amutenge ngati wofooka. Liwuli lili ndi kaulemu kake. Stress ndi matenda a anthu otanganidwa, a mabwana, a anthu amene ali ndi zochita. Komanso lili kutali ndi liwu limene aliyense amaliopa, misala. Kwa zaka zambiri, kuvomera kuti mutu sukuyenda bwino kunkamveka ngati kupempha ulendo wa ku Zomba Mental Hospital, ndipo dzina lakuti wa ku mental silichoka msanga. Stress inatsegula kanjira kapakati, poti munthu anene kuti sali bwino popanda kutchedwa wamisala. Chimenechi si chinthu chaching'ono, ndipo sindingafune kuti tibwerere kumene tinali liwuli lisanafale.

Koma kupepuka komweko kuli ndi ngozi yake. Popeza aliyense ali ndi stress, amene akumira samveka mosiyana ndi amene wangonyowa mapazi. Pali matenda enieni amene amabisala pansi pa liwuli. Munthu amene kwa masabata awiri kapena kuposerapo sakusangalala ndi chilichonse, sakudya, sakugona kapena akungogona, wasiya kupita m'kalasi, akudziona ngati mtolo kwa abale ake, ameneyo mwina akudwala matenda amene madokotala amati depression, ndipo ali ndi chithandizo chake ku chipatala. Amene anapulumuka madzi ndi matope a namondwe Freddy mu March 2023 ku Chilobwe kapena ku Phalombe, ndipo mpaka lero mvula ikangoyamba kugunda pa malata thupi lonse limanjenjemera, vuto lake lili ndi dzina lina, PTSD, lomwe linalowa m'buku la madokotala a maganizo a ku America mu 1980. Mu dzinalo mulinso stress, koma si ya mayeso. Nkhani za achinyamata odzipha timaziwerenga kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri anzawo amati ankangonena kuti ali ndi stress. Ananena, inde. Anagwiritsa ntchito liwu lomwe mnzake anagwiritsa ntchito dzulo lake podandaula za netiweki.

Mbali ina imene imandivuta ndi ya misonkhano ya stress management. Masiku ano ili paliponse: m'makampani, m'mipingo, m'masukulu a ukachenjede chakumayambiriro kwa chaka. Munthu amabwera ndi projekita n'kukuphunzitsani kupanga ndandanda ya nthawi, kuchita masewera olimbitsa thupi ndi kuganiza zabwino. Malangizowa si oipa, ndipo ena amathandizadi. Koma taonani zimene zachitika pa thumba la wophunzira. Ndalama ya kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Lendi ya kachipinda kunja kwa kampasi inakwera, ufa unakwera, bonya anakwera, kusindikiza asayimenti kunakwera, bandulo ya intaneti imene maphunziro a lero sangayende popanda iyo ikudya ndalama ya ndiwo. Wophunzira amene akudya kamodzi patsiku mukamuphunzitsa kupuma mokoka mpweya, mwamuuza mwaulemu kuti vuto lili m'mapapo mwake. Katundu wakula, nkhata palibe, ndipo msonkhano wonse ukukamba za khosi.

Chodabwitsa n'chakuti pa zinthu zimene dziko limaziona kuti n'zofunika, liwuli limabwerera ku tanthauzo la mainjiniya. Chuma cha dziko lonse chitagwedezeka mu 2008, boma la America linayesa mabanki ake akuluakulu 19 mu 2009 pa zimene anazitcha stress test. Anawerengera kuti ulova ukakwera kufika pakuti, mitengo ya nyumba ikagwa kufika pakuti, banki iyi idzaima kapena idzagwa? Amene anapezeka ofooka anauzidwa kuti awonjezere ndalama zosungira, ndipo boma linali lokonzeka kuwathandiza. Dokotala wa mtima naye ali ndi stress test yake: amakuyendetsa pa makina, n'kumawonjezera liwiro pang'onopang'ono akuyang'ana mmene mtima ukuyankhira. Akatswiri a za madzi amati dziko lili pa water stress madzi opezeka akatsika pansi pa makyubiki mita 1,700 pa munthu aliyense pachaka, muyezo wa katswiri wa ku Sweden, Malin Falkenmark. Konseku stress ili ndi gwero lodziwika, ili ndi muyezo, ndipo pali amene ali ndi udindo wochitapo kanthu. Banki ikapanikizika amaiwonjezera mizati. Ikafika pa wophunzira, stress imasanduka khalidwe lake, chinthu choti aphunzire kuchisamala yekha. Ndikanakonda sukulu zathu zikanachita stress test ya mtundu wa mabankiwo: ngongole ikachedwa milungu isanu ndi umodzi, ndi ophunzira angati amene asiye kudya masana, ndipo takonza chiyani?

Wina anganene kuti ndikuchita ngati munthu ndi chitsulo, pamene anthu awiri osenza katundu wofanana sapindika mofanana. N'zoona. Richard Lazarus ndi Susan Folkman anatsindika mfundo imeneyi m'buku lawo la mu 1984: zimene zimatipweteka zimadalira mmene tachionera chinthucho ndiponso zimene tikuganiza kuti tili nazo zolimbanira nacho. Sapu imodzi kwa wina ndi phunziro, kwa wina ndi kutha kwa dziko. Koma werengani bwino mbali yachiwiriyo. Zimene munthu ali nazo zolimbanira ndi vuto si maganizo okha. Amene amalume ake ali ku Area 47 ndipo angatumize ndalama pa foni madzulo omwewo amaiona sapu mosiyana ndi amene mayi ake anagulitsa mbuzi yomaliza kuti iye afike pano. Selye yemwe anasiyanitsa stress yabwino, imene anaitcha eustress, ndi yoipa. Kugunda kwa mtima usanalowe m'chipinda cha mayeso amene wawakonzekera kumakuthandiza. Kugunda kwa mtima pakhomo la chipinda chomwecho, ukudikira kuona ngati akubweze chifukwa cha balansi, sikuthandiza aliyense.

Anzathu a ku Zimbabwe anachita chinthu chimene chimandipatsa chidwi. Dokotala wa maganizo wa ku Harare, Dixon Chibanda, anayambitsa cha m'ma 2006 ntchito yotchedwa Friendship Bench. Madokotala a maganizo m'dzikomo ndi ochepa kwambiri, monga kuno, choncho anaphunzitsa agogo aakazi a m'madera kukhala pa mabenchi kunja kwa zipatala zing'onozing'ono n'kumacheza ndi anthu ovutika. Sanayambire pa mawu a Chingerezi. Anayambira pa liwu la Chishona limene anthu ankagwiritsa ntchito kale, kufungisisa, lomwe ndi kuganiza kwambiri kwathu kuja. Kafukufuku wawo, amene anasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2016, anapeza kuti amene anacheza ndi agogowa anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse, ndipo njirayi yayesedwanso m'zipatala zina kuno ku Malawi.

Zimene zimachitika pa benchipo n'zosavuta kuzifotokoza. Munthu amafika n'kunena kuti akuganiza kwambiri. Agogo aja samupatsa malangizo. Amamufunsa kuti akuganiza chiyani, n'kumusiya alankhule mpaka mavuto onse atatuluka limodzilimodzi ndi mayina awo: lendi, mwamuna womenya, zotsatira za magazi, mwana wothamangitsidwa kusukulu. Kenako amamupempha kuti asankhepo limodzi loti ayambe nalo, iye mwini, osati agogowo. Akasankha, awiriwo amaunika njira zimene zilipo, munthuyo amatenga imodzi yoti akayese, ndipo amapangana tsiku loti adzabwerenso kudzanena mmene zayendera. Macheza otere amachitika mpaka kasanu ndi kamodzi, ndipo pambuyo pake munthuyo amaitanidwa kulowa gulu la anzake amene anadutsa pa benchi yomweyo, kumene ena amaluka zikwama zogulitsa.